Khadi Lofiira la Elenala

Lolemba, 27 Malichi 1995

Malipiro sanafikebe. Sopo watha. Mvula inadula msanga, nyanja yayamba kale kubwerera m'mbuyo. Pamene pankaima mabwato chaka chatha, lero pakudya mbuzi.

Pa buleki ahedi andiitana ku ofesi. Mlendo: Mayi Virginia a ku Zomba, a bungwe lotchedwa Mwana Asatsale. Nsapato za gogoda, kwathu kuno kumatope. Ntchito yawo akuti ndi kuteteza atsikana kuti asasiye sukulu. Njira yake makhadi. Mtsikana aliyense wa Sitandade 6 mpaka 8 akhale ndi lake: zaka, bambo ali moyo kapena ayi, kutalika kwa kwawo, masiku amene wajomba. Makhadi apita ku Zomba, alowa m'kompyuta, abwerera atapakidwa mtundu. Wobiriwira, mwana ali bwino. Wachikasu, muyang'anitsitseni. Wofiira, akugwa, thamangirani kwawo mukamulangize.

Wothamangayo ndine. Ahedi akuti asankha ine chifukwa kumpingo ndine kale mlangizi pakati pa amayi a Mvano, ndiye zolangizazi sizachilendo. Zoona zake n'zakuti aphunzitsi aakazi pano tilipo awiri, ndipo mnzangayo ali ndi khanda.

Mawu a Mayi Virginia: "Munthu amakondera, a Sophia. Nambala sikondera." Ine kugwedeza mutu ngati gulo. Pali ka alawansi. Ndisaname, ndinakondwa.

Lachisanu, 31 Malichi

Sabata yonse madzulo, kukopera masiku ojomba kuchokera m'marejisitala kupita pamakhadi. Msana kuwawa.

Mpunga wayamba kukhwima, mbalame zatera. Chaka chino mpunga ndi wochepa, ngala iliyonse ili ndi mlonda wake, ndipo alondawo ndi ana athu. M'mawa kalasi ngati mano a nkhalamba. Rejisitala timaitana belu likangolira, kenako imapita ku ofesi. Wofika pambuyo pake walembedwa kale kuti wajomba, ngakhale akhale mpaka poweruka.

Elenala wanga ndi mmodzi wa amenewa. Bambo ake anamwalira, atsala ndi amake ndi kamunda ka mpunga kudambo. Kukangocha ali pansanja pakati pa munda, kukoka zingwe za zitini, kukuwa. Amake akabwera kudzamulandira, iye liwiro. Amafika buleki itatha, matope mpaka m'mawondo, mawu atasasa. Kope lake amalikulunga m'pepala la shuga kuti lisanyowe. Ndinamufunsa kuti amawerenga nthawi yanji. Akuti, "Mbalame nazo zimapuma, Madamu."

Masamu amawasiya anyamata onse kumbuyo. Mayeso a Sitandade 8 ali mu Julayi. Chibwerereni pasukulu pano sindinaonepo mtsikana akusankhidwa kupita ku sekondale. Ngati alipo woti atsegule njirayo, ndi ameneyu. Ndimamukonda mwanayu, ndipo sindibisa.

Ndinafunsa ahedi ngati ofika mochedwa ndingawalembe pakhadi kuti anabwera. Akuti koperani zimene zili m'rejisitala, a ku Zomba adzafananitsa. Ndakopera. Pakhadi palibe malo olembapo mbalame.

Lachiwiri, 2 Meyi

Tchuthi chinatha, tatsegulira. Makhadi abwera ndi dalaivala wa bungwe. Ofiira atatu. Awiri anasiya kale sukulu kompyuta isanayambe n'kuganiza komwe, wina ali pabanja ku Songani. Wachitatu Elenala. Zaka 16, wamasiye, kwawo kutali, wojombajomba. Pansi pake alemba m'Chingerezi kuti chimene chikumudikira ndi mimba kapena ukwati.

Ndaseka ndekha mu ofesi. Chaka chatha Thomson, wogula nsomba wa kuchilumba cha Chisi, bambo wamkulu ndithu amene mkazi wake anamuthawa, anatuma anthu kudzafunsira Elenala. Amalume ake a mwanayu, a Wilisoni, anali atavomera kale mumtima, poti khoka limene amaphera nsomba ndi la Thomson yemweyo. Amake ndiwo anakana. "Ayambe walemba mayeso." Mayi wosadziwa kulemba dzina lake, kukana mlongo wake pamaso pa anthu! Ngati pali khomo losafuna mlangizi m'dera lino, ndi limenelo.

Ndawauza ahedi. Akuti mukawauze eni pulogalamu, akubwera Lachinayi.

Malipiro a Malichi afika lero. Pofika madzulo anali atapita kale kwa eni ngongole.

Lachinayi, 4 Meyi

Anati afika m'mawa. Afika dzuwa litapendeka, ine ndikutuluka m'tchalitchi kumsonkhano wa amayi, ndili mu yunifolomu: bulauzi yoyera, siketi yakuda, duku loyera. Ndinati ndikavule kaye. Mayi Virginia kuyang'ana wotchi, galimoto iyenera kubwerera kusanade. "Mwatchena kale, kwerani."

M'njira ndinawafotokozera za mbalame, za rejisitala, za amake. Anamvetsera bwinobwino, si munthu woipa ayi. Yankho lawo: mphunzitsi aliyense amanena zomwezo za mwana amene amamukonda, n'chifukwa chake pali makhadi.

Galimoto yoyera mpaka pakhomo penipeni, ana akuithamangira. Amayi kumjigo kusiya kupopa. Elenala anachita kukamutenga kunsanja. Amake anayala mphasa pansi pa mango. Mayi Virginia anati ayi, lamulo la bungwe ndi lakuti mtsikana alankhule momasuka: m'nyumba, chitseko chotseka, kholo panja.

Kuno alangizi a mpingo timalowa m'nyumba ndi mtsikana n'kutseka chitseko pa zifukwa zitatu zokha: akatha msinkhu, akatenga mimba yoyamba, akamalowa m'banja. Za kutha msinkhu Elenala tinamulangiza kale chaka cha dzana, ine ndinalipo. Za ukwati mudzi wonse ukudziwa kuti amake anakana. Samu yotsalayo ngakhale mwana wa Sitandade 2 aichotsera yekha. Ndinati mumtima, sitichedwa, tikatuluka ndiwafotokozera amake.

M'katimo mafunso a papepala. Uli ndi chibwenzi? Alipo amene amakupatsa ndalama? Mwezi uno wasamba? Elenala maso pansi. Ayi. Ayi. Eya. Khutu lake linali kumunda, ndikudziwa, poti pansanja panalibe munthu. Pomaliza mphatso ya bungwe kwa ofiira onse: sopo ndi chitenje chatsopano. Chitenje! Chomwe timamupatsa woyembekezera kuti ayambe kumangira pachifuwa.

Potuluka, anthu ali mbwee kuseri kwa mpanda. Amake anagwada, anafunsa chimene mwana walakwa. Mayi Virginia akumwetulira: "Palibe, mayi. Ndi zachinsinsi, za atsikana." Dalaivala kuliza hutala. Ndinakwera.

Lamulungu, 7 Meyi

Lachisanu Elenala sanabwere, ngakhale buleki itatha. Lero pakwaya malo ake mbee.

Potuluka m'tchalitchi, moni wa amayi wautali kuposa masiku onse. Mmodzi anandikokera pambali: "Munagwira ntchito Lachinayi. Miyezi ingati?" Ndinati palibe mimba, zinali za sukulu. Anandisisita pamkono. "Tikudziwa, mlangizi saulula."

Ndiye msampha wake umenewu. Zaka zonsezi ndakhala ndikunyadira kuti za m'nyumba yotseka sizituluka pakamwa panga. Lero ndikakana, akuti taonani mlangizi weniweni. Ndikakhala chete, akuti wavomera. Ndinalumbira mpaka kutchula dzina la Mulungu pakhomo pa tchalitchi. Anangondiyamikira kusunga chinsinsi.

Ulaliki sindinaumve. Mutu kuwawa tsiku lonse.

Lachiwiri, 9 Meyi

Titaweruka, wapansi mpaka kudambo, nditavala diresi wamba. Amake ndinawapeza pansanja, akukoka okha zitini. Elenala amutsekera m'nyumba. Sanatsike, tinalankhula iwo ali pamwamba ine ndili m'matope.

Ndinafotokoza zonse kuyambira pa rejisitala mpaka pa kompyuta. Ndikulankhula ndinkadzimva ndekha kuti zikumveka ngati bodza la mwana wakuba shuga. Anandisiya ndimalize. Kenako: "Munabwera mutavala zoyera. Munatseka chitseko. Munamupatsa nsalu. Lero mukuti munabwerera mbalame?"

Ndinati makinawo analakwitsa. Anafunsa kuti makinawo anamuonera kuti mwana wawo. Ndinati sanamuone. Anafunsanso kuti ngati alibe kanthu, anthu ophunzira angawotcherenji mafuta kuchoka ku Zomba mpaka pakhomo pa mayi wamasiye. Inenso ndikanakhala iwo ndikanafunsa zomwezo.

Ndinapempha kuti adikire miyezi iwiri yokha, mimba sibisika, aona okha. Anati iwo angadikire, koma nkhani ili kale m'manja mwa mwini mbumba, a Wilisoni. Azakhali ena amuyang'ana kale mwanayo, akuti maso ayera, ndi mimba basi. Mwana wosadya masiku onsewa, maso alekerenji kuyera?

Chimene chandipweteka: "Ine ndinakana mlongo wanga chifukwa cha sukulu yanuyo. Ndiye sukulu yomweyo yabwera kudzandivula pamaso pa anthu."

Pobwerera ndinadutsa kuseri kwa nyumba. Elenala pakawindo. Tsaya lotupa. Sanalire. Anangofunsa ngati mapepala a mayeso a chaka chatha aja ndinawapeza.

Loweruka, 13 Meyi

Kwa a Wilisoni. Ali pakhonde kusoka khoka, ngakhale madzi oliponyamo akuthawa tsiku ndi tsiku. Anandipatsa mpando, ulemu wonse. Munthu akakhala kuti wapambana kale, ulemu sumuvuta.

Amufunsa mwanayo kuti atchule mwini mimba, mpaka ndi bango. Sanatchule aliyense. Atchula ndani? Kwa iwo kumeneko ndi kuuma mutu. Tsono Thomson wamva, ndipo watumiza mawu kuti amutenga ndi katundu wake yemwe, osafunsa kuti ndi wa yani. A Wilisoni akuti chimenechi ndi chisomo. Ndipo sadzakhala pachikamwini monga mwa mwambo wathu, mwamuna kubwera kwa mkazi. Wapempha chitengwa nthawi yomweyo, apite naye ku Chisi, manyazi akathere kutsidya.

Ndinati tiyeni naye kuchipatala, anamwino akamuyeze, ndilipira ndine. Anaseka. Akuti pagalimoto yoyera ija kapena? "Mwatiyalutsa kamodzi, aphunzitsi, kwakwana." Ndinati mayeso atsala pang'ono, mwanayu akhoza kusankhidwa. Anati wamimba salemba mayeso. Ndinakuwa kuti alibe mimba! Nkhuku kubalalika. Iwo osakweza mawu n'komwe: "Sukulu munaifuna ndinu. Mimba mwaipeza ndinu. Ine ndangopeza mwamuna."

Kaya amakhulupiriradi za mimbayo, kaya ayi. Ndikuganiza kuti alibe nazo ntchito. Chaka chathunthu akhala akufuna khomo lolowera, ife tabwera pagalimoto kudzawatsegulira.

Lachitatu, 17 Meyi

Dzulo ndinapempha ahedi kuti aitane makolo ndi komiti, anene poyera kuti ulendo uja unali wa chiyani. Akuti sukulu silowerera za m'banja. Kenako pang'onopang'ono zenizeni zinatuluka: bungwe lalonjeza madesiki, tisaoneke ngati tikulitsutsa. Chiyambireni sukulu yaulere ana akukhala pansi pa mitengo, ndikudziwa. Koma madesiki!

Lero ndajomba inenso, andilembe pakhadi. Njinga yobwereka mpaka Songani, matola mpaka Zomba. Ndimafuna Mayi Virginia abwerenso ndi galimoto yomweyo, aime pakhomo pomwepo, anene ndi pakamwa pawo kuti kunalibe mimba. Mawu anga atha mphamvu, mwina a nsapato za gogoda angamveke.

Ofesi yabwino, makatani, kapeti. Kompyuta ija ndaiona ndi maso, yofundidwa nsalu ngati mwana wodwala malungo. Mayi Virginia kulibe. Ali ku semina kuhotela, sabata ziwiri. Mutu wa seminayo: njira zosungira atsikana pasukulu. Ndinaseka mpaka mlembi anandiyang'ana ngati wamisala.

Ndasiya kalata. Ndabwerera ndi njala, thumba lopepuka, tayala lakumbuyo litaphwa.

Lolemba, 22 Meyi

Elenala anamutenga Loweruka m'mawa. Popanda ng'oma, popanda nthungululu. Ine ndamva lero.

Wandiuza ndi Rozi, mnzake wa Sitandade 7, amene amayendera limodzi. Anadikira anzake atuluke, n'kuika kaphukusi patebulo panga. Chitenje chija, chosachapa, chopinda momwe chinabwerera. M'kati sopo uja, pepala lake losang'amba. "Akuti mubweze kwa eni ake."

Mpunga wawo amweta sabata yathayi. Akuti m'dambo monse munda umene mbalame sizinaudye kwambiri ndi umenewo. Mwana anaulondera, anaupulumutsa, akaudya ena.

M'nyumba muno mulibe sopo. Uyu ali pawindo. Sindimukhudza.

Lachinayi, 8 Juni

Kuzizira. Mwera ukubweretsa fungo la nsomba zofa.

Kumsonkhano wa amayi sindinapitenso. Yunifolomu ili pansi pa sutikesi. Abusa atumiza munthu kudzafunsa ngati ndikudwala. Ndati eya.

Manambala a mayeso afika. Dzina la Elenala lilipo, poti tinalembetsa kalekale. Ahedi akuti lidulidwe. Ndati dzanja langa ayi.

Anyamata a Sitandade 8 asangalala, woyamba m'kalasi tsopano ndi mmodzi wa iwo. Ndikalemba samu yovuta pabolodi ndimatembenukira pakona paja ndisanaganize. Kuchokera ku Zomba, zii.

Loweruka, 24 Juni

Ku Chisi. Kudoko madzi anathawa, timayenda kaye pamatope ouma ong'ambikang'ambika tisanapeze bwato. Ngalande yopapatiza pakati pa mabango, mwini bwato kukankha ndi nsungwi, pena kutsika n'kumakoka. Akuti zikapitirira chonchi, pofika Okutobala anthu azipita ku Chisi wapansi.

Ndinayamba kukumana ndi Thomson, pamulu wa matemba. Wansangala, moni wa manja awiri. Anazindikira kale kuti mimba kunalibe, ndipo akuzinena ngati wapata mwayi pamsika. "Anandipatsa mbuzi akuti ndi yodwala, kufika nayo kuno ndi yamoyo!" Anandithokoza. Anandithokoza ine. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Elenala kuseri, akutumbula milamba yoti awambe. Waonda. Duku kumutu ngati mayi wamkulu. Anandiyalira thumba, anagwada, moni wa mlendo. Madamu, mwayenda bwanji. Basi.

Ndinalankhula zambiri. Kuti dzina lake likadalipo, nambala yake yafika. Kuti abwere adzakhale kwanga masiku a mayeso okha, tidzawerenga limodzi, zimene waphonya si zambiri kwa mutu ngati wake. Kuti tsopano aliyense akudziwa kuti anamunamizira, ngakhale amake. Kuti akasankhidwa, a Wilisoni sangaletse, ndikagwada kulikonse kumene kufunika kugwada. Ndinatulutsa mapepala a chaka chatha aja amene anandifunsa pawindo. Sanawalandire, manja anali ndi magazi a nsomba. Ndinawaika pathumba. Mpeni osaima.

Atatha nsomba ya m'manja anapukuta mpeni pachitenje. Anandiyang'ana m'maso, koyamba chiyambire kumuphunzitsa.

"Tsiku lija ndinakuyankhani zoona, Madamu. Koma mwezi uno sindinasambe. Kalembeni pakhadi paja, makina anu asaoneke onama."

Pobwerera ndinasanza m'bwato. Mwini bwato anati ndi fungo la matope, ambiri limawatero.

Lachiwiri, 27 Juni

Galimoto yoyera. Mayi Virginia kalata yanga anaiwerenga, mochedwa. Ndinawafotokozera zonse mu ofesi, za yunifolomu, za chitseko, za chitenje, za ku Chisi. Misozi inalengeza m'maso mwawo, yeniyeni. Anati sanadziwe, anakulira m'tauni, bwanji sindinawauze? Funso labwino. Safunsa anadya phula, koma nanga wodziwa amene anangokhala chete anadya chiyani?

Kenako anapukuta m'maso n'kutsegula chikwama. Lipoti. Pasukulu pano ofiira anali atatu, ndipo onse atatu asiya sukulu. Kompyuta sinaphonye ngakhale mmodzi. Opereka thandizo akondwa kwambiri, chaka chamawa pulogalamu ifalikira m'sukulu zonse za kwa Kuntumanji. "N'zomvetsa chisoni, a Sophia, koma onani, makhadi ananena."

Khadi la Elenala liyenera kutsekedwa. Pansi pali mabokosi a chifukwa chosiyira sukulu: mimba, ukwati, umphawi, matenda, zina. Pa zina ndinalembapo kuti ife. Anawerenga, kenako anafufuta bwinobwino ndi labala. Akuti kompyuta silandira mawu, imalandira nambala ya bokosi. Anachonga ukwati.

Ndinawabwezera chitenje ndi sopo. Anati zinalembedwa kale kuti zinaperekedwa, sangazilandire.

Asiya makhadi atsopano. Achikasu angapo. Pamwamba penipeni Rozi. Masiku a msika amaperekeza amake ku Songani kukagulitsa mpunga, aliyense akudziwa. Akajombanso pang'ono afiira, ndipo galimoto idzapita kwawo. Madesiki akuti afika mwezi wamawa.

Lachitatu, 5 Julayi

Mayeso ayamba. Manambala ndinalemba ndine ndi choko pamabenchi dzulo, ya Elenalanso ndinalemba.

Ndinaima pakhomo kuyang'ana njira ya kudambo mpaka woyang'anira mayeso anang'amba envelopu. Mutu ukudziwa kuti sabwera, maso osamva. Kunadutsa mayi wosenza mabango, kenako ng'ombe.

Woyang'anirayo ndi mlendo, anafunsa za benchi yopanda munthu. Ahedi anayankha msanga kuti anakwatiwa, ndi mmene alili atsikana a kunyanja kuno. Mlendoyo anapukusa mutu, akuti makolo a kuno sadziwa kufunika kwa sukulu. Ndinatuluka, ndikanalankhula zoti andichotse ntchito.

Pepala la masamu ndaliona ataweruka. Akanamaliza nthawi isanathe, n'kukhala akuyang'ana kudenga.

Amake ndinakumana nawo kumjigo madzulo. Anandipatsa moni. Bola akananditukwana.

Lolemba, 10 Julayi

Sitandade 8 yapita. Kwatsala kukopera makhadi a mwezi uno, dalaivala adzawatenga Lachinayi.

Marejisitala patebulo, makhadi pambali. Rozi: Lachiwiri kulibe, Lachisanu kulibe, sabata inayo chimodzimodzi. Ndinawerengera. Akufiira.

Ndinatenga cholembera. Chiyambire ntchito sindinalembepo bodza m'buku la sukulu, ngakhale kuwonjezera mwana malikisi amodzi. Pakhadi la Rozi ndalemba kuti sanajombe. Lotsatira chimodzimodzi. Wodwala malungo, pakhadi anabwera. Wolera ana a mchemwali wake anabwera. Amene ali kunyanja kutola nsomba m'matope anabwera onse, tsiku lililonse, belu lisanalire. A ku Zomba akafuna kufananitsa, abwere adzafananitse, rejisitala ya Sitandade 7 inadyedwa kale ndi chiswe chakumapeto.

Ahedi anasuzumira, anatenga makhadi angapo, anawerenga. Anandiyang'ana. Ndinawayang'ana. Anati, "Kajombedwe katsika kwambiri mwezi uno." Ndinati katsikadi. Anati Mayi Virginia akondwa, alemba mu lipoti kuti uphungu wayamba kugwira ntchito.

Alembe. Awonjezere sukulu zina, alandire galimoto yachiwiri. Koma pakhomo pa amake Rozi siidzaima.

Sopo uja ndamutsegula lero. Ndachapira yunifolomu.